Chimene Chimagwetsa Chipani: Mawu kwa Achinyamata a ku Ndunde

Ana anga a ku Ndunde, ena mwa inu mwavala kale malaya a chipani, ena mumakwera malole kupita kumisonkhano, ndipo ena mukulota zodzakhala makhansala kapena aphungu. Si zoipa zimenezo, dziko limafuna anthu ake. Koma musanapite patali, ndimvereni pa nkhani ya chipani chakale kuposa zonse m'dziko muno, Malawi Congress Party, chimene akulufe timangoti Kongeresi. Ndikudziwa kuti kuno ku Chiradzulu tambala wakuda wa Kongeresi alibe anthu ambiri, ndiye mwina mukufunsa kuti za Kongeresi zikukukhudzani pati. Zikukukhudzani chifukwa matenda amene anaigwetsa kawiri konse sayang'ana mtundu wa nsalu imene munthu wavala.

Yambani mwaona manambala awiri awa. Pa 17 May 1994, Dr Hastings Kamuzu Banda anapeza mavoti pafupifupi 33 pa 100 alionse, n'kugonja kwa Bakili Muluzi. Pa 16 September 2025, Dr Lazarus Chakwera anapezanso mavoti pafupifupi 33 pa 100 alionse, n'kugonja kwa Peter Mutharika. Pakatipa panadutsa zaka 31. Woyambayo anali Ngwazi, mtsogoleri wamuyaya amene dziko lonse linkanjenjemera naye. Wachiwiriyo anali m'busa wofatsa amene anthu anamusankha okha mwaufulu. Anthu awiri osiyana chonchi anathera pamalo amodzi. Gawo limeneli, pafupifupi munthu mmodzi pa atatu, ndi la anthu amene amavotera Kongeresi ivute isavute, ndipo ambiri a iwo ali m'chigawo chapakati. Mavoti ena onse amene chipanichi chinapezapo pamwamba pa amenewa inali ngongole. Mwini ngongole akaona kuti simukubweza, amabwera kudzatenga zake.

Kongeresi inali chipani chosunga mwambo, chosakonda kusintha zinthu mothamanga. Ngodya zake zinayi ana asukulu ankaziloweza pamtima: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kamuzu ankabwereza pamisonkhano kuti anthu ake akufunika zinthu zitatu, chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha. Musaganize kuti anthu ankadana nazo zonsezi. Alimi ambiri amakumbukirabe misika ya ADMARC imene inali pafupi ndi mudzi, makalabu a alimi obwereketsa feteleza, ndiponso alangizi oyendera minda. Chipani chotere chimapangana ndi anthu kuti: inu khalani chete, ife tisunga bata ndi chakudya. Panganoli limagwira malinga ngati nkhokwe ili ndi chimanga ndipo batalo ndi lenileni. Chimodzi chikasowa, anthu amayamba kufunsa kuti nanga kukhala chete kwathu kwatipindulira chiyani.

Choyamba chimene ndikufuna mugwire n'chakuti chipani chimayamba kugwa pamene kusunga mwambo kwasanduka kusunga mpando. Kongeresi anaiyambitsa ndi Orton Chirwa pamodzi ndi anzake mu 1959, Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo. Atatuluka mu April 1960, anamupatsa utsogoleri. Dziko litangolandira ufulu pa 6 July 1964, pasanathe miyezi itatu, nduna zimene zinayesa kumulangiza zinachotsedwa kapena kutula pansi maudindo: Orton Chirwa yemweyo, Kanyama Chiume, Masauko Chipembere, Yatuta Chisiza, Augustine Bwanausi, Willie Chokani ndi Rose Chibambo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu anakhala wamuyaya. Mu May 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi, Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Aliyense wa anthu amenewa anali wa m'nyumba momwemo. Chipani chikamachotsa anthu ake amene ali ndi mtima wonena kuti apa talakwa, chimatsala ndi oombera m'manja okhaokha, ndipo oombera m'manja sauza mfumu kuti denga likudontha.

Chachiwiri n'chogwirizana ndi chimenechi: khamu la anthu pamsonkhano si umboni wa chikondi. M'masiku amenewo munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani, ndipo ayufi ndi apayoniya ankaima pazipata kufunsa makhadiwo. A Mboni za Yehova, amene ankakana kugula khadi, analetsedwa mu 1967, ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Amayi ankatengedwa m'midzi kukavina, midzi inkasonkha mazira, nkhuku ndi ndalama za mphatso. Akuluakulu a chipani akawerenga makhadi ogulitsidwa ndi kuona mabwalo atadzaza, ankati dziko lonse lili pambuyo pawo. N'chifukwa chake mu October 1992 Kamuzu anavomera riferendamu ali ndi chikhulupiriro choti apambana. Pa 14 June 1993 anthu analowa m'kachipinda kovotera aliyense yekha, ndipo pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha nyali ya matipate, kusiya tambala.

Ife a ku Chiradzulu sitiyenera kudabwa nazo. Makolo athu ankagwira thangata m'minda ya A. L. Bruce ku Magomero, ankavula zipewa ndi kugwada pamaso pa bwana, ndipo azunguwo ankati anthuwa ndi okhutira. Mu January 1915 John Chilembwe ndi anthu ake anadzuka kuchokera ku Mbombwe, pomwepa pakwathu. Munthu wosauka amadziwa kuvomera ndi pakamwa uku mtima ukukana. Wandale amene sadziwa zimenezi amanamizidwa ndi maso ake omwe.

Chachitatu, onani mmene chipani chimalandirira munthu wochichenjeza. Pa 8 March 1992 maepiskopi a mpingo wa Katolika anatulutsa kalata imene inawerengedwa m'matchalitchi onse. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za kusowa kwa mankhwala m'zipatala, za sukulu zodzaza, ndiponso za anthu otsekeredwa popanda kuweruzidwa. Zonsezi munthu aliyense ankazidziwa kale. Chipani chanzeru chikanati wakutsina khutu ndi mnansi. M'malo mwake kalatayo inaletsedwa, maepiskopi anaitanidwa kupolisi, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu May ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, zipolowe zinabuka, anthu anaphedwa, ndipo mayiko othandiza anaimitsa chithandizo chimene sichinali cha njala. Chaka chomwecho kunali chilala chachikulu. Bata linatha, chimanga chinatha, pangano lija linasweka mbali zonse ziwiri.

Kenako chipani chinayamba kusintha, koma mochedwa. Akaidi andale anatulutsidwa, othawa kwawo analoledwa kubwerera, umuyaya unachotsedwa, lamulo la mu 1973 loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi linathetsedwa. Mu December 1993 asilikali analanda zida apayoniya pa nkhondo imene inatchedwa Operation Bwezani. Palibe amene anathokoza Kongeresi pa zonsezi, chifukwa anthu anaona kuti yachita mokakamizidwa. Kusintha kumene mwachita muli ndi mphamvu anthu amakuwerengera inu. Kumene mwachita mutapanikizidwa pakona amakuwerengera amene wakupanikizaniyo. Pachisankho cha 1994, mwa mipando 177 ya ku Nyumba ya Malamulo, UDF ya Muluzi inapeza 85, Kongeresi 56, AFORD ya Chihana 36. Kumpoto Kongeresi sinapeze mpando ndi umodzi womwe. Muluzi anabwera ndi lonjezo limene mayi aliyense analimva, sukulu ya pulayimale yaulere, pamene Kongeresi inkangokumbutsa anthu za zakale ndi kuwaopseza kuti matipate ndi nkhondo.

Chachinayi chinaoneka pa zaka 26 zimene chipanichi chinakhala kunja kwa boma. Kamuzu anapepesa mtundu wa Amalawi mu January 1996, n'kumwalira mu November 1997 ku Johannesburg. Otsala anayamba kulimbirana mpando. Gwanda Chakuamba ndi John Tembo anakokanakokana mpaka kumakhoti. Mu 1999 Chakuamba, atagwirizana ndi AFORD, anafika pa mavoti 45 pa 100 alionse. Pofika 2004 anali atatuluka n'kuyambitsa Republican Party, ndipo iye ndi Tembo anaima aliyense payekha. Aliyense anapeza mavoti opitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi, Bingu wa Mutharika n'kudutsa pakati pawo ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Mukaphatikiza mavoti a awiriwo, ankaposa a Bingu kutalitali. Mu 2009 Tembo anaimanso, UDF ikumuthandiza, koma Bingu, amene makuponi ake a feteleza anali atadzaza nkhokwe, anatenga mavoti 66 pa 100 alionse. Ovota ambiri, makamaka kummwera ndi kumpoto, akaona nkhope za atsogoleri a Kongeresi ankakumbukira makhadi ndi ndende. Simungauze munthu kuti mwasintha pamene amene akulankhulayo ndi yemwe uja ankamuopa.

Chipanichi chinadzuka chitavomera zinthu ziwiri zimene chinkakana. Mu August 2013 chinasankha Chakwera, munthu wochokera kumpingo amene analibe mbiri ya nthawi ya chipani chimodzi. Ndipo mu 2020 chinavomera kuti pachokha sichingakwanitse. Khoti litathetsa zotsatira za chisankho cha 2019 pa 3 February 2020, chifukwa cha zolakwika monga kufufuta manambala ndi Tipp-Ex, linagamulanso kuti wopambana azipeza mavoti opitirira theka. Kongeresi inagwirana manja ndi UTM ya Saulos Chilima ndi zipani zina mu mgwirizano wa Tonse. Pa 23 June 2020 Chakwera anapeza mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse, pamene chaka chapitacho ali yekha anapeza 35. Kusiyana kumeneku ndiye ngongole ija. Anabwereketsa ndi achinyamata a m'matauni, anthu akumpoto, ndi ena otopa ndi katangale.

Chachisanu, lonjezo lokhala ndi nambala anthu saliiwala. Mgwirizano wa Tonse unalonjeza ntchito miliyoni imodzi, kudya katatu pa tsiku, ndi thumba la feteleza la K4,495. Chaka choyamba feteleza anafikadi pamtengo umenewo kwa alimi opitirira mamiliyoni atatu, ndipo zokolola za 2021 zinali zabwino. Kenako mtengo wa thumba la makuponi unakwera kufika K7,500, kenako K15,000, chiwerengero cha olandira chikutsika chaka ndi chaka. Pofika 2025 thumba logula m'sitolo linali litapitirira K100,000. Ndalama ya kwacha anaitsitsa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Ndalama zakunja zinasowa, magalimoto anagona pamizere ya mafuta, akabaza a njinga zamoto ankagula petulo wa m'zigubu pamtengo wowirikiza. Kuno kwathu, kumene minda ndi yaing'ono ndipo nthaka yatopa, munthu wopanda feteleza amadziwa kale mu November kuti February adzakhala wotani.

Tisanamizane, mavuto ena sanabwere ndi chipani. Kunali mliri wa Covid-19. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mtengo wa feteleza ndi mafuta padziko lonse mu 2022. Namondwe Freddy mu March 2023 anapha anthu ambiri kummwera kuno, ndipo matope ochokera m'phiri anakwirira mudzi wa Ntauchira m'boma lathu lomwe lino. Mu 2024 chilala chinachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Koma wovota amadziwa kusiyanitsa zochokera kumwamba ndi zochokera muofesi. Namondwe sanasankhe nduna zoyamba za 2020, mmene munali mwamuna ndi mkazi wake komanso mchimwene ndi mlongo wake. Chilala sichinalipire K750 miliyoni ya feteleza ku kampani ya ku Britain imene inadzadziwika kuti imagulitsa nyama. Covid sinatume apolisi kukamanga Martha Chizuma, mkulu wa bungwe lolimbana ndi ziphuphu, m'bandakucha mu December 2022. Anthu amapirira njala akaona kuti mtsogoleri naye wamanga lamba. Akaona kuti apamwamba akudya, ndiye kuti njala yonse, ngakhale ya namondwe, amaiika pamutu pa boma.

Chachisanu ndi chimodzi, musataye amene anakukwezani. Ubale wa Kongeresi ndi UTM unazirala pang'onopang'ono. Chilima analandidwa ntchito zimene ankapatsidwa mu June 2022, anamangidwa mu November chaka chomwecho pa milandu ya ziphuphu imene inadzathetsedwa mu May 2024, ndipo pa 10 June 2024 anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Mwezi wotsatira UTM inatuluka mumgwirizano. Kongeresi inafika pachisankho cha 2025 ikukhulupirira kuti misewu imene inamanga ndiponso mphamvu za boma zidzakwanira. Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Anthu anabwerera kwa Peter Mutharika, munthu wa zaka 85 amene iwo omwewo anali atamuchotsa zaka zisanu m'mbuyomo, n'kumupatsa mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse. Ambiri sanavote chifukwa choiwala zolakwa zake. Anangoyerekeza mtengo wa chigoba cha chimanga, sopo ndi shuga pa nthawi ziwirizo.

Zimenezi si za ku Malawi kokha. Ku Britain, chipani cha Conservative chinapeza mipando 365 mu 2019, koma mu July 2024 chinatsala ndi 121, chitalamula zaka 14. Chinkadzitama kuti ndicho chodziwa kusunga chuma ndi dongosolo, koma anthu anaona atsogoleri ake akuchita maphwando pamene ena onse anatsekeredwa m'nyumba chifukwa cha Covid-19, anaona nduna zazikulu zitatu m'chaka chimodzi cha 2022, ndipo mmodzi wa iwo, Liz Truss, anasokoneza misika ya ndalama n'kuchoka pasanathe masiku 50. Ku Botswana, chipani cha Botswana Democratic Party chinalamula zaka 58 kuchokera mu 1966, koma mu October 2024, malonda a dayamondi atatsika ndipo achinyamata akusowa ntchito, chinatsala ndi mipando inayi yokha. Chipani chimene chimati ndisiyireni ndisunge zinthu chimaweruzidwa pa kusungako. Chikalephera pamenepo sichikhala ndi china chouza anthu.

Tsono inu amene mumavala buluu musaseke, pajatu chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. DPP ya Mutharika imene Chiradzulu amaikonda nayonso inagwa mu 2020, ndipo zifukwa zake sizinali zachilendo: makadeti odzimva kuti ali pamwamba pa lamulo, madandaulo oti maudindo akupita kwa anthu a dera limodzi, ndiponso kunyoza anthu ochita zionetsero. Bingu yemwe anapeza 66 pa 100 mu 2009, pofika pa 20 July 2011 anali ndi dziko lokwiya, ndipo anthu 20 anaphedwa pazionetsero. UDF imene inagwetsa Kamuzu lero yatsala ndi maboma owerengeka. Palibe chipani chimene chili ndi katemera wa matendawa.

Pali chinthu chimodzi chimene Kongeresi inachita bwino kawiri konse, ndipo muchitengere. Mu 1994 Kamuzu anavomera kugonja pawailesi zotsatira zonse zisanatuluke. Pa 24 September 2025 Chakwera anachitanso chimodzimodzi, maola angapo bungwe loyendetsa zisankho lisanalengeze. Chipani chogonja mwaulemu chimasiya khomo lotsegula loti chidzabwererenso, monga chinabwerera mu 2020. Chimene chimakana kugonja n'kutuma anyamata kumsewu chimawonjezera maliro pamwamba pa manyazi, ndipo anyamata otumidwawo amakhala ana a anthu osauka ngati inu, osati ana a atsogoleri.

Nanga inuyo muchitenji? Ngati muli m'chipani, kaya ndinu tcheyamani wa nthambi kaya mlembi wa achinyamata, ntchito yanu yaikulu si kuimba ndi kuvina. Ntchito yanu ndi kunyamula zimene anthu akunena pamsika wa Ndunde, pachigayo, pamjigo ndi pamzere wa kuchipatala, n'kukazifikitsa kwa akuluakulu zili zosasefa. Phungu akabwera kudzafunsa kuti kuno kuli bwanji, musamuyankhe kuti zonse zili bwino bwana pamene makuponi afika kwa anthu owerengeka ndipo nandolo akugulidwa pamtengo wachipongwe. Mwina tsiku limenelo sakupatsani ya sopo, koma mwamuthandiza kuposa onse omunyamula m'mwamba. Muzicheza ndi anthu a zipani zina, chifukwa mavoti amene amapambanitsa ali kwa iwowo, si kwa anzanu amene mumagwirizana nawo kale. Wina akakupatsani chikwanje kapena mwala kuti mukasokoneze msonkhano wa anzanu, kanani. Mlandu ukadzabwera udzakhala wa dzina lanu, wokutumaniyo adzati sakukudziwani. Kumbukiraninso kuti lamulo la zipani la mu 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna kukopa mavoti.

Ngati simuli m'chipani chilichonse, udindo wanu ndi waukulu kuposa pamenepo, chifukwa inu ndinu eni ngongole ija. Tengani kope, mulembe zimene opambana analonjeza mu 2025, kuyambira pulezidenti, phungu mpaka khansala wanu. Lembaninso mtengo wa thumba la feteleza, chigoba cha chimanga ndi ulendo wa ku Limbe monga zilili lero. Chaka chilichonse mukakolola, tsegulani kopelo muyerekeze. Pitani kumisonkhano ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya kwa mfumu yaikulu, mukafunse kuti ndalama za chitukuko cha m'dera zagwira ntchito yanji, ndipo mufunse mwaulemu koma osachita manyazi. Musalole kuti wina akuuzeni kuti poti ndinu a ku Chiradzulu voti yanu ndi yodziwika kale, chifukwa dera limene voti yake ndi yodziwika kale palibe amene amalimbikira kulisangalatsa. Chisankho china chikubwera mu 2030. Amene adzabwere kudzapempha voti yanu adzakupezeni muli ndi kope m'manja, ndipo adziwiretu kuti mudzaliwerenga pamaso pake.